Shopu ya mafoni ya chakumsika pa Mangochi boma: kukonza amatha, koma mwana wanga sindimutumako yekha

Shopu imene ndikunena ili pa boma pompano chakumsika, ambiri a inu mukuidziwa, koma dzina sinditchula chifukwa zina zomwe ndilembe apa nzolemera ndipo mwini wake ndi munthu yemwe timapatsana moni daily. Amakonza mafoni, amatchaja, amabena nyimbo ndi mafilimu mu memo, pakhonde pali mlongo wake yemwe ndi ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba. Ine ndine mphunzitsi, ndakhala kasitomala wawo kwa nthawi ndithu, nde zomwe ndikulembazi si zongomva kwa anthu ayi.

Pa nkhani yokonza, mkuluyu ntchito amaidziwa. Tecno yanga inagwera m'madzi pa doko, ndinapita nayo nditataya kale mtima, iye anaitsegula ine ndikuona, kuchotsa batile, kutsuka bodi ndi spiriti ndi kamswachi kakang'ono, kuumitsa ndi kamakina ka mphepo yotentha kaja, mawa lake foni ikuyaka bhobho. Sikilini ikasweka amakuuziratu kuti iyi ndi orijino iyi ndi kope, mtengo wake uwu ndi uwu, sankhani nokha malinga ndi thumba lanu, ndipo chomwe wachotsa amakubwezerani m'manja kuti musamaganize kuti wasinthanitsa. Ameneyu ndi khalidwe losowa, ena kuno amakuikira batile yakale nkukulipiritsa ya nyuwani. Kutchaja ndi K300, amamata kapepala ka nambala kuseri kwa foni nkukupatsani kakadi, mafoni sasokonekera olo atachuluka bwanji, komanso ali ndi sola nde magetsi akazima ntchito siima. Asodzi ochokera ku Malombe, anthu otsika matola a ku Namwera ndi ku Makanjira, a kabaza, onse amathera pamenepo. China chomwe ndinamukondera, mzimayi akabweretsa foni amamuuza kuti mayi chotsani memo ndi simu yanu musunge nokha, ndipo pasiwedi safunsa pokhapokha ngati vuto lake likufunikadi kutsegula foni. Amene mukudziwa mmene zithunzi za azimayi zimatulukira pa WhatsApp foni ikangogona kwa okonza mumvetsa kuti ichi si chaching'ono.

Vuto lili pa kompyuta ya kubena ija. Ili pakona mkati, anatchinga ndi chitenje, amakhalapo ndi kamnyamata kena komwe anakalemba ntchito. Memo ya 8GB kudzadza ndi K2,000 ndipo zilipo zambiri zabwino, nyimbo zakwathu, kaswida, kwaya, maulaliki, mafilimu a ku Nigeria ndi a ku India, aja otanthauziridwa m'Chichewa aja, magoli a mpira wa ku England, ndipo mafayilo ake amatseguka bwino olo pa ka itel kamabatani. Koma muli foda ina yomwe siilembedwa pa chikwangwani panja. Mnyamata amangofika nkunena chapansipansi kuti man muikemonso zija, kapena za usiku, basi kamnyamata kaja kamadziwa. Safunsa zaka. Ndaonapo ndi maso anga mwana yemwe ndikumudziwa kuti ali Standard 7, atabwera ndi foni ya agogo ake kuti awaikire nyimbo za kwaya, ndalama yotsala anapereka kuti amuikire zija mu kamemo kena komwe anatulutsa mu sokosi. Mwana amabisa memo mu sokosi chifukwa akudziwa kuti nzolakwika, koma wamkulu yemwe akulandira ndalamayo sakuona cholakwika.

Mwina wina anena kuti aphunzitsi mukukulitsa nkhani, zolaula zili pa intaneti paliponse, shopu imodzi yalakwanji. Koma taganizani mmene zinthu zilili kuno. Bandulo ndiyodula, vidiyo imadya data ngati chani, mwana wa sukulu kapena mnyamata wa ganyu pa doko sangakwanitse kumaonera pa intaneti usiku uliwonse. Nde zimayenda chonchi, munthu mmodzi yemwe ali ndi kompyuta ndi netiweki yabwino amadawuniloda kamodzi, nkumagulitsa kwa anthu mahandiredi, iwo aja nkumagawana pa Xender ndi Bluetooth mwaulere mkalasi, pa bawo, mu boti usiku podikira usipa. Zolaula za pa intaneti kuno zimalowera pa mashopu ngati amenewa. Nchifukwa chake ndikuti yemwe wakhala pa kompyuta ija ali ndi udindo waukulu kuposa mmene iye akuganizira.

Koma chomwe chandipangitsa kulemba si mafilimuwo pawokha, ndi zomwe ndimamva pa benchi ya panja ija podikira foni. Pamakhala anyamata a zaka 15 mpaka 25, ena ndinawaphunzitsapo, ndipo nkhani zawo zikafika pa akazi thupi limachita tsemwe. Mtsikana sakutchulidwa dzina, ndi katundu. Tsiku lina kunabwera mtsikana wa sekondale atavala yunifomu kudzatenga foni ya mayi ake, anapereka kakadi, akudikira chenji, anyamata atatu ali pa benchi anayatsa vidiyo pa foni nkukweza voliyumu dala kuti amve, wina nkumuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu nkunena kuti uyu angathe izi. Mtsikana uja sanayankhe, anangogwira foni ndi manja awiri nkuyang'ana pansi, chenji sanawerenge nkomwe, anatuluka mothamanga mpaka kutsala pang'ono kugundana ndi njinga ya kabaza. Iwo kuseka. Ndinawafunsa kuti kodi akanakhala mlongo wanu mukanamva bwanji, mmodzi anandiyankha mopanda manyazi kuti aaa sir, akazi amazifuna izi amangonamizira manyazi, mkazi akamati ayi ndiye kuti akuti eya. Ndipo sanali kuchita nthabwala, nkhope yake inali ya munthu yemwe akundiphunzitsa chinthu chomwe ine wachikulire sindikuchidziwa.

Mawu amenewo sanayambe ndi mafoni, ndikudziwa, ifenso tikukula tinkawamva kwa akuluakulu ena. Koma kale anali mawu chabe, lero mnyamata ali ndi umboni wake m'thumba womwe amauonera usiku uliwonse. M'mavidiyo amenewa mulibe kufunsana, mulibe kukambirana, mulibe kondomu nthawi zambiri, mkazi satopa, sadwala, sakana, ndipo akakana ndi poyambira chabe pakutha pake amaoneka wosangalala. Mu 2010 mayi wina wofufuza ku America, Ana Bridges, ndi anzake anaunika zigawo 304 za mafilimu olaula omwe ankagulidwa kwambiri kumeneko, anapeza kuti 88 pa 100 zilizonse zinali ndi nkhanza za pathupi monga kumenya mbama ndi kutsamwitsa, pafupifupi theka zinali ndi kutukwana, ochitiridwa ambiri anali akazi, ndipo pafupifupi nthawi zonse mkaziyo ankaoneka ngati zikumukomera kapena ngati palibe chachitika. Mfundo yomalizayi ndi imene imandiopsa. Mwana akaona munthu akumenyedwa nkulira amadziwa kuti apa palakwika, koma akaona akumenyedwa nkumamwetulira amaphunzira kuti umu ndi mmene zimakhalira. Ku England lipoti la Children's Commissioner, ofesi yoona za ufulu wa ana, la mu 2023 linapeza kuti ana ambiri amayamba kuona zolaula ali ndi zaka pafupifupi 13, ena ali ndi 9 zokha. Ndikaona ana omwe amazungulira pa chitenje chija, zaka zimenezo sizikundidabwitsa olo pang'ono.

Sindikufuna kunama kuti aliyense woonera zolaula amadana ndi akazi, ofufuza eni ake sagwirizana chimodzi. Mu 2016 Taylor Kohut ndi anzake a ku Canada anaona mayankho a anthu a ku America a zaka zambiri nkupeza kuti omwe anaonerapo zolaula ankavomereza kwambiri kuti mkazi azigwira ntchito komanso kuti akhale pa udindo wa ndale, kuposa omwe sanaonere. Pomwe kafukufuku wina wa mu 2010 wa Gert Martin Hald ndi Neil Malamuth, yemwe anaphatikiza zofufuza zambiri, anapeza kuti kuonera zolaula kumayendera limodzi ndi maganizo ovomereza nkhanza kwa akazi, makamaka zolaula zija zankhanza. Ena amati ziwirizi zikutsutsana koma ine ndikakhala pa benchi ija ndimaona kuti zonse ndi zoona nthawi imodzi. Anyamata omwewa ukawafunsa ngati mkazi angalamulire akuti bwanji osalamulira, Joyce Banda anakhalapo pulezidenti kuyambira 2012 mpaka 2014, ku Mangochi South anthu avoterapo mayi Lilian Patel kangapo konse, ndipo iwo eni ndalama zawo amasungitsa kwa asisi a pakhonde aja, amawakhulupirira pa masamu kuposa mwamuna aliyense. Mkazi mu ofesi, mkazi pa bizinesi, mkazi ku Nyumba ya Malamulo, palibe vuto. Koma mkazi yemweyo kuti akhale ndi mawu pa thupi lake, kuti anene kuti lero ayi nkumveka, apo ndi pomwe mutu wawo wapotozedwa. Munthu atha kuvotera mzimayi masana usiku nkukakamiza chibwenzi chake, iye osaona kuti pali chosemphana.

Malamuth yemwe uja wakhala akunena kwa zaka zambiri kuti zolaula sizigwira amuna onse mofanana, zimaononga kwambiri mwamuna yemwe ali kale ndi mtima wonyoza akazi komanso yemwe amatenga kugonana ngati masewera opanda chikondi. Zili ngati madzi a mvula, amatsata ngalande yomwe ilipo kale nkuikulitsa. Nde funso nlakuti kuno kwathu ngalandezo zilipo kapena palibe. Zilipo zambiri. Pa madoko ena mzimayi wogula nsomba amauzidwa kuti ndalama yokha siikwanira, tonse timaidziwa nkhani imeneyo. Atsikana akukwatiwabe asanafike zaka 18 olo lamulo la maukwati la 2015 linaletsa ndipo mu 2017 anasintha ndi malamulo aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana 18. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19 manyuzi analemba kuti atsikana oposa 7,000 anatenga mimba m'boma lathu lino m'miyezi 6 yoyamba ya chakacho. Sindikuti mafoni ndi omwe anapereka mimbazo, umphawi ulipo, miyambo ina ilipo, koma pamalo pomwe zinthu zili kale chonchi ndiye wina nkumagulitsa mavidiyo ophunzitsa kuti mkazi sakana pa mtengo wa mandasi angapo, mukuganiza kuti zithera kuti.

China chomwe chimandipweteka mtima nchakuti ambiri mwa anyamatawa alibe bambo pakhomo. Kuno ku Mangochi nyumba zambiri bambo ali ku Joni, amatha zaka osabwera, amatumiza ndalama, malata, njinga, ndi foni yabwino ya mwana kuti azilankhulana pa WhatsApp. Foniyo yafika koma bambo sanafike. Mayi sangakhale pansi ndi mwana wamwamuna kukamba za kuchipinda, mwambo sulola, amalume nawonso mwina ali ku Joni komweko kapena ali pa nyanja. Ku ndagala, kuchinamwali cha anyamata, mwana amakhalako masabata ochepa ali wamng'ono, amabwerako atauzidwa kuti tsopano ndiwe mwamuna, koma mafunso enieni amabwera patapita zaka, ali 14 kapena 15, ndipo nthawi imeneyo yemwe ali pafupi kuti amuyankhe ndi memo ija. Ife kusukulu tili ndi Life Skills inde, koma ndi maperiodi ochepa pa sabata mkalasi la ana oposa 100, ena aphunzitsi amachita manyazi amangodumpha mutuwo, pomwe foni ili naye pa mphasa usiku wonse ndipo siichita manyazi.

Ndipo zotsatira zake sizithera pa anyamata osakwatira. Mayi anga aang'ono ndi nankungwi wa kumpingo, satchula maina koma amadandaula kuti masiku ano milandu yomwe atsikana ongokwatiwa kumene akubwera nayo ndi yachilendo, mwamuna akubwera ndi foni kuchipinda nkumati uchite ngati uyu, akakana akuti ndiwe wachimidzi ndikapeza wina, ena akujambulidwa osafuna, banja likatha zithunzi zija zili pa magulu a WhatsApp. Ndipo zikatuluka amene amatukwanidwa ndi mkazi, amatchedwa hule, amasiya kupita kumsika, pomwe mwamuna yemwe anajambula ndi kutumiza akungoyenda pa boma anzake akumupatsa ulemu. Anyamata a pa benchi aja mavidiyo otere ndi omwe amawakonda kwambiri, amati za local, ndipo apa mpomwe ndinaona kuti kwa iwo palibenso kusiyana pakati pa mkazi wa mufilimu wa kunja ndi mtsikana wa ku Mpondasi yemwe moyo wake waonongeka.

Ndinakamba naye mwini shopu, tinakhala kuseri awiriwiri atatseka. Ndinati achimwene, ntchito yanu ndimailemekeza koma zomwe zikuchitika pa kompyuta apo sizili bwino, ana akutengera zinthu pano. Sanakwiye, ndipo pa ichi ndimupatse ulemu wake. Anati aphunzitsi ndikumva, koma ndikapanda kuwaikira apita pa shopu ina, mashopu obena ndi ambiri pa boma pano, komanso kubena ndi komwe kumalipira lendi chifukwa zokonza sizibwera tsiku lililonse. Anatinso za local zija iye analetsa ndipo akapeza mnyamata wake akuika amuchotsa ntchito, chifukwa naye ali ndi ana aakazi. Ndinamufunsa kuti nanga mtsikana wa yunifomu uja si mwana wa munthu, nanga mlongo wanu yemwe amakhala pakhonde tsiku lonse kumamva zonsezi. Anakhala chete kanthawi kenako anati asisi anazolowera. Koma ine ndinawafunsapo asisiwo tsiku lina ndikutapa ndalama, anandiuza kuti sanazolowere olo pang'ono, amangopirira poti ndi pa ntchito, ndipo pali makasitomala ena aamuna omwe akamapereka ndalama amagwira dala dzanja nkusisita, ena amawaonetsa zithunzi pa foni ngati akufunsa nambala ya ejenti. Mchimwene wawo zimenezi sakuzidziwa chifukwa iye amakhala mkati maso ali pa bodi ya foni.

Za lendi ndikuzimvetsa, moyo wavuta kwa tonse, koma pali malamulo. Penal Code yathu imaletsa kugulitsa ndi kufalitsa zolaula, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa zolaula zokhudza ana komanso kuzunza munthu kudzera pa intaneti, ndipo zomwe anachita anyamata aja kwa mtsikana wa sukulu ndi zomwe Gender Equality Act ya 2013 imaletsa. Mnyamata wa pa kompyuta uja sasankha, amangokopa foda yonse, ndani akudziwa zaka za atsikana omwe ali m'mavidiyo a local aja. Tsiku lina apolisi atagwira kompyuta ija, yemwe akayankhe mlandu ndi mwini shopu, ndipo sola, zida zokonzera ndi dzina labwino lomwe wamanga zaka zonsezi zidzapita limodzi. Ndinamuuza zimenezi mosabisa. Chomwe chasintha mpaka pano nchakuti anamata pepala kuti ana a yunifomu asalowe kuseri kwa chitenje, ndipo ndinamumva kamodzi akukalipira anyamata a pa benchi kuti achepetse voliyumu kukabwera azimayi. Ndi poyambira, koma mwana amangopita kunyumba kukavula yunifomu nkubwerera, ndipo foda ija ikadalimo.

Nde ngati mukudzifunsa kuti mungapiteko ku shopuyi kapena ayi, yankho langa lili pawiri. Kukonzetsa foni pitani, simudzanong'oneza bondo, pa zimenezo ndikumupatsa 9 pa 10 ndipo azimayi mafoni anu ali otetezeka m'manja mwa mwini wakeyo, ingoonetsetsani kuti mwapereka kwa iye osati kwa kamnyamata ka pa kompyuta. Kutchaja ndi kutapa ndalama palibe vuto. Koma kubena, makamaka ngati foni kapena memo ndi ya mwana, pitani nokha muime pompo muone zomwe zikulowa, mukafika kunyumba tsegulani mafoda onse olo aja olembedwa kuti Gospel kapena Notes chifukwa ndi momwe amabisa. Mwana wamkazi musamutume yekha madzulo benchi ikadzadza. Ndipo mukapeza zinthu mu foni ya mwana wanu wamwamuna chonde musathamangire chikwapu, akangomenyedwa amaphunzira kubisa bwino basi, mukhale naye pansi kapena mupeze amalume ake, shehe, abusa, mphunzitsi yemwe amamukhulupirira, wina amuuze mosazungulira kuti zomwe akuonazo ndi sewero la anthu olipidwa ndipo mkazi weniweni akati ayi ndi ayi. Ngati mwana wachitiridwa zachipongwe kapena zithunzi zake zafalitsidwa pali nambala yaulere ya 116 ya Tithandizane, komanso ku polisi kuli Victim Support Unit.

Amatsegula 7 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 8 usiku, Lachisanu amatseka masana kupita ku mzikiti nkutsegulanso cha m'ma 2, ndipo ngati mukufuna sikilini ya foni yosowa muuzeni msanga chifukwa zina amachita kuitanitsa ku Limbe, zimatenga masiku angapo kuti zifike.